Kwa Cecil Taylor salowa mothamanga

Mphwanga, chimbale wakopera m'foni yakocho, chija cha Unit Structures, uyambe wachiika padera. Usachifufute ayi, tsiku lake lidzakwana. Koma ukayambira pamenepo, ndikudziwa kumene nkhani ikathere. Udzamvetsera mphindi zitatu, udzaseka, Loweruka pokonzekera nyimbo za kwaya ku Kabwata udzauza anzako kuti wapeza mkulu wina wa ku America amene akuswa piyano ya eni ake, basi dzina la Cecil Taylor lidzathera pomwepo. Apo ayi udzachita chimene ndimachiopa kwambiri. Udzanamizira kuti chakukomera n'cholinga choti anthu aziti mnyamata uja ndi wozama, pamene khutu lako silinatolepo kanthu.

Amene anakulozera chimbalechi sananame kuti n'chachikulu. Chinajambulidwa mu Meyi 1966, chinatuluka pa kampani ya Blue Note, ndipo olemba za jazi sachilumpha. Koma muli anthu asanu ndi awiri oimba nthawi imodzi, a bezi okha ndi awiri, Henry Grimes ndi Alan Silva, ndipo palibe amene akukuwerengera wani, thu, fili, folo monga umachitira iwe poyambitsa kolasi. Mwini wakeyo zinamutengera zaka khumi kuchokera pa chimbale chake choyamba kuti akafike pamenepo. Iwe ukufuna ukafikepo usiku umodzi, uli chigonere, uku ukuyankha mauthenga a pa WhatsApp.

Munthuyu anabadwira ku New York mu 1929 ndipo anamwalirira komweko, ku Brooklyn, mu Epulo 2018. Piyano anaiyamba ali kamwana, mayi ake ndiwo anamukhazika pa mpando, ndipo atakula anakaphunzira ku New England Conservatory mumzinda wa Boston. Za sukuluzi ndazitchula dala, chifukwa bodza loyamba limene udzamve n'lakuti oimba free jazz amangomenya chisawawa poti nyimbo zolongosoka zinawakanika. Taylor nyimbo za Duke Ellington ndi za Thelonious Monk ankazidziwa mpaka ku mizu, ndipo za m'mabuku za anthu ngati Bartók ndi Stravinsky anaziphunziranso. Njira imene anatenga anachita kusankha, ndipo inamuonetsa zakuda. M'zaka za m'ma 1960 eni mabala ankamukana, ntchito yoimba inkasowa kwa miyezi, mpaka ankatsuka mbale m'malo odyera kuti apeze ya lendi. Ulemu unabwera mochedwa. Mu 1978 anaimba pa bwalo la White House pamaso pa Pulezidenti Jimmy Carter, ndipo mu 2013, ali ndi zaka 84, analandira mphoto ya Kyoto ku Japan.

Tsono iwe yambira kumene iye anayambira. Chimbale chake choyamba ndi Jazz Advance, chojambulidwa ku Boston mu 1956. Nyimbo yotsegulira ndi Bemsha Swing, ya Monk. Usanaitsegule, peza kaye mmene Monk mwini wake anaiimbira, uimvetsere mpaka uziiimbira likhweru posamba. Ukatero bwera kwa Taylor. Wa bezi, Buell Neidlinger, akuyenda bwinobwino. Wa ng'oma, Dennis Charles, akusunga nthawi moti phazi lako likhoza kugunda pansi osasochera. Wochita zachilendo ndi wa piyano yekha. Mutu wa nyimbo uumva, koma akuupinda, akuuduladula, akuphatikiza manotsi amene aphunzitsi ako a kiyibodi anakuuza kuti sakhalira limodzi. Poti nyimboyo ukuidziwa, uziona pamene wapatuka ndi pamene wabwerera mumsewu, ndipo posachedwa uzindikira kuti popatukapo sanali wosochera. Ankadziwa bwino pamene anzake afika.

Ukachoka apo pita pa The World of Cecil Taylor, cha 1960, ndipo ulunjike pa nyimbo yotchedwa This Nearly Was Mine. Ndi nyimbo yachikondi yochokera mu sewero la South Pacific, ndipo iye akuiimba pang'onopang'ono, mosamala, notsi iliyonse akuipatsa mpata wopuma. Aliyense wonena kuti mkuluyu analibe chifundo m'zala amvetsere imeneyi kaye. Pa zimbale ziwirizi ukhalepo ndithu, milungu ipite. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo matenda a m'badwo wanu ndi akuti nyimbo zonse za padziko zili m'thumba la thalauza, mwakuti nyimbo ikangovuta pang'ono chala chathamangira kale pa ina. Ife kale chimbale chimodzi chinkazungulira nyumba zingapo, ndipo munthu unkachimvetsera mpaka singano kutha chifukwa china panalibe. Umphawi umenewo sindiulakalaka, koma unatiphunzitsa kubwereza.

Pali chinthu chimene iwe uli nacho chimene ambiri olemba za Taylor alibe. Unapitako ku Kulamba, ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, mwezi wa Ogasiti. Ngakhale konkuno, pa Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road, ng'oma umazimva. Mlendo akaima pabwalo la gule wamkulu koyamba amangomva phokoso limodzi lalikulu. Iwe sutero. Ukudziwa kuti ng'oma iliyonse ili ndi mawu ake, anaiwamba pamoto ndi kuimata phula mpaka inalira mmene akufunira. Ukudziwa kuti mpanje ndi mbandambanda zikugwira ntchito yawo, pamene mbalule ikuyankhula, ndipo woimba mbaluleyo maso ake ali pa mapazi a gule. Gule akaponda, ng'oma yayankha. Akatembenuka mwadzidzidzi, nayo yatembenuka. Palibe amene anakukhazika m'kalasi kuti akuphunzitse zimenezi, khutu linaphunzira lokha.

Khutu lomwelo ndilo upite nalo kwa Taylor. Piyano iye ankaitenga ngati mzere wa ng'oma zowambidwa, iliyonse ndi mawu ake, ndipo mwini wake ankanena kuti amayesa kutsanzira pa piyanopo kulumpha kwa munthu wovina. Sizinali zongoyankhula. Anagwira ntchito ndi ovina enieni monga Dianne McIntyre wa ku America ndi Min Tanaka wa ku Japan, ndipo nthawi zina iye mwini ankafika pa piyano akuvina ndi kulakatula. Choncho leka kufunsa kuti ali mu kiyi yanji, kapena kuti makodi ake akuyenda bwanji. Mafunso amenewo ndi a nyimbo zina. Funsa kuti dzanja liti laitana, liti layankha. Kawirikawiri udzamva lamanzere likuponya kachidutswa kafupi kumunsi, kolemera, kenako lamanja likukayankha kumtunda mothamanga. Akabwereza, kachidutswa kaja kasintha pang'ono, katalika kapena katembenuzidwa. Akabwerezanso, manja onse awiri akuyenda motsutsana, lina kukwera lina kutsika. Zimene poyamba zinkamveka ngati mkuntho umodzi zimayamba kugawika, ndipo umapeza kuti munthuyu amabwereza kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Fanizoli usalikokere patali. Ng'oma za gule zili ndi mkombero umene umabwerera pamalo pake, ndipo ndi mwambo wokhala ndi eni ake ndi malamulo ake. Taylor anali mwana wa mumzinda wa New York, ndipo mkombero wobwererawo ndi umene iye anadzauchotsa. Chimene ndikukubwereka ku bwalo ndi kamvetseredwe kokha, kotha kutsata mawu amodzi pakati pa ambiri osachita mantha ndi phokoso.

Pamene anauchotsa mkomberowo pakumveka bwino pa chimbale cha Nefertiti, the Beautiful One Has Come. Chinajambulidwa mu Novembala 1962 mu kalabu ya Montmartre ku Copenhagen, dziko la Denmark. Muli anthu atatu okha, bezi mulibe. Wa ng'oma, Sunny Murray, analeka kuwerengera anzake nthawi, m'malo mwake ng'oma zake zikungowirira, kukwera ndi kutsika motsatira mphamvu ya nyimbo. Wa sakisofoni ndi Jimmy Lyons, amene anakhala ndi Taylor mpaka Lyonsyo atamwalira mu 1986. Ulendo woyamba utsate Lyons yekha. Iye anakulira m'maimbidwe a Charlie Parker, ndipo ziganizo zake zili ndi poyambira ndi pothera, munthu ukhoza kuzigwira. Ulendo wachiwiri utsate Murray. Piyano uitsate pomaliza. Mulinso nyimbo yakale yodziwika, What's New, imene ingakhale pogwira pako zikafika povuta. Kajambulidwe kake si kosalala, ndipo piyano ya m'kalabumo ikumveka kuti inatopa, koma zimenezo zisakubweze.

Ukafika apa mutu n'kuyamba kulemera, usakakamire. Tembenukira kum'mwera, kwa anansi athu, chifukwa kumeneko kuli khomo lina limene anthu a kunja salitchula kawirikawiri pamene kwa ife ndilo lapafupi. Mu 1964, chaka chomwe dziko lino linalandira ufulu, anyamata asanu ndi mmodzi anachoka ku South Africa kupita ku chikondwerero cha jazi cha ku Antibes, ku France. Gulu lawo linali Blue Notes: Dudu Pukwana ndi Nikele Moyake pa masakisofoni, Mongezi Feza pa lipenga, Johnny Dyani pa bezi, Louis Moholo pa ng'oma, ndi Chris McGregor pa piyano. Asanuwo anali akuda, McGregor anali mzungu, ndipo malamulo a tsankho anali atafika poti gulu lotere kuimba pamodzi kapena kuyenda m'galimoto imodzi kunali kuputa apolisi. Anakhala kaye ku Zurich, koma Moyake anadwala n'kubwerera kwawo posakhalitsa. Otsalawo anafika ku London mu 1965. Iwe ukamapita ku Chelstone umadutsa pafupi ndi nyumba ija ankakhala Oliver Tambo, imene boma linaisandutsa chikumbutso mu 2017. Andale ambiri othawa tsankho anasungidwa mumzinda uno, oimbawa mphepo inawaponya ku Ulaya, koma chowathamangitsa chinali chimodzi.

McGregor anabadwa mu 1936 ndipo anakulira ku Transkei, pa mishoni ya Asikotishi ya Blythswood kumene bambo ake ankaphunzitsa. Nyimbo zimene zinamulera ndi za m'tchalitchi ndi za Amaxhosa ozungulira mishoniyo. Iwe woimba kiyibodi Lamlungu lililonse, makodi ake uwazindikira msanga, ndi omwe aja a nyimbo za m'buku. Ku London iye ndi anzake anakumana ndi free jazz n'kuilandira ndi manja awiri, monga chikumvekera chimbale chawo cha Very Urgent cha 1968. Koma iwe yambira pa gulu lalikulu limene anadzakhazikitsa, Brotherhood of Breath, losakaniza othawa kwawo aja ndi oimba a ku Britain. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1971, ndipo chikutsegulidwa ndi nyimbo ya Pukwana yotchedwa MRA. Malipenga agawika timagulu, kagulu kalikonse kakubwereza kachidutswa kake, tizidutswato tikulowana mpaka thupi likuyamba lokha kugwedezeka. Imeneyo ngakhale pa ukwati ukhoza kuiika, anthu avina. Ukaizolowera pita pa Live at Willisau, chojambulidwa ku Switzerland mu 1973. Mmenemo gulu limayamba ndi nyimbo yoti mwana akhoza kuimba, kenako aliyense amatenga njira yake mpaka zonse kuwira, ndiye mosayembekezera nyimbo ija yatulukiranso, yonse yathunthu. Ukamva zimenezi kangapo mantha amatha, chifukwa waona ndi khutu lako kuti kumasuka kuja sikutaya nyimbo.

Chilipo chimbale china cha anthu amenewa chimene sindifuna uchimvetsere mwachibwana. Mongezi Feza anamwalira ku London mu Disembala 1975 ndi chibayo, ali ndi zaka 30 zokha. Anzake anayi otsala anali atabalalika, wina ku France, wina ku Scandinavia, ndipo panali patapita zaka asanaimbe pamodzi monga Blue Notes. Anakumana pa mwambo wa maliro. Pa 23 Disembala analowa m'chipinda choyeserera nyimbo, osagwirizana kuti tiimba chakuti, n'kuyamba kuimba, ndipo anaimba kwa maola osaleka. Zimene zinajambulidwa zinatuluka mu 1976 pa dzina la Blue Notes for Mongezi, pa kampani yaing'ono ya Ogun imene anaiyambitsa Harry Miller, woimba bezi wochokeranso ku South Africa, ndi mkazi wake Hazel.

Iwe maliro unagonapo, ukudziwa mmene usiku wa pa siwa umayendera. Pali nthawi imene kulira kumabuka kosatsata nyimbo iliyonse, wina akutchula dzina la malemu, wina akungobuula. Kenako mayi mmodzi amayambitsa nyimbo chapansipansi, ena n'kulandira, nyumba yonse n'kukhazikika. Pakapita nthawi kulira kwabukanso. M'chimbalechi ndi zomwezo zikuchitika, ndipo si zoyerekeza, ndi anthu amene mnzawo wawafera m'dziko la eni. Dyani akuitana dzina la Mongezi mobwerezabwereza, sakisofoni ya Pukwana ikulira mosadzigwira, McGregor pena akugunda piyano ngati wakwiya, pena akugwira makodi a m'tchalitchi kuti anzake apeze potsamira, ndipo mkati mwa zonsezo mukutuluka tinyimbo ta kwawo tovinika. Munthu amene wamva chimbalechi safunsanso kuti oimba amasiyiranji nyimbo yolongosoka n'kuyamba kukuwa. Ndi chachitali, ndipo si cha tsiku lililonse. Uchisankhire usiku umene ulibe kothamangira.

Kunena za usiku, malo omvetsera ndi nkhani yaikulu kuposa mmene ukuganizira. Nyimbo izi si za m'minibasi. Ukakwera pa Kulima Tower kulowera ku Chelstone, kondakitala akukuwa, wailesi ya dalaivala ili pamwamba, Great East Road yadzaza mahutala, chimene chingakufike m'khutu ndi manotsi akumtunda okha, ndipo amenewo paokha amabaya. Sipika ya foni nayo imadya mawu onse akumunsi, pamene dzanja lamanzere la Taylor ndilo limanyamula nkhani. Peza mahedifoni ophimba khutu lonse, ngakhale a salaula, kapena ulumikize foni ku sipika ya kiyibodi yako. Kopera nyimbo masana bandulo ikadalipo, ndipo magetsi akapita madzulo, mabala a m'komboni atazima, firiji italeka kulira, imeneyo ndiyo nthawi yako. Foni uitembenuze chafufumimba. Mbali imodzi ya chimbale, mphindi makumi awiri, yakwana. Ukatopa leka, chifukwa khutu lotopa limayamba kudana ndi chilichonse.

Pa YouTube zambiri zilipo, koma chenjera ndi zodulidwa pakati ndi zolembedwa maina olakwika. Tsiku limene udzakhale ndi kangachepe, zimbale za Ogun zimagulitsidwa pa Bandcamp, ndipo kugula chimodzi n'kuthandiza kuti ntchito ya anthu amene anafa osalemera isafe nawo. Ukamacheza kwa akuluakulu a ku Woodlands kapena ku Kabulonga amene anasunga zimbale zakale m'makabati, pempha mwaulemu uone zimene ali nazo. Taylor mwina sudzamupeza, koma ukaona dzina la Dollar Brand, amene pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, khala pansi. Chimbale chake cha African Piano anachijambula yekha mu 1969, mu kalabu yomwe ija ya Montmartre. Dzanja lamanzere likuzungulira pa kachidutswa kamodzi osatopa, lamanja likuyendayenda momasuka pamwamba pake. Amenewo ndi maphunziro abwino a khutu usanakumane ndi Taylor ali yekha.

Pakuti Taylor ali yekha ndiye Taylor weniweni, m'kuona kwanga. Ena adzakuuza kuti magulu ake ndiwo ofunika, ndipo sitidzamenyana. Koma pa Silent Tongues, chojambulidwa pa chikondwerero cha Montreux ku Switzerland mu Julayi 1974, palibe wina womubisa. Ukumva mmene akuyalira tizidutswa take poyamba, modekha, ngati akukuonetsa zida asanayambe ntchito, ndiye n'kuyamba kutimanga. Liwiro lake pena limaopsa, koma tchera khutu pa malo amene akuima. Amaima kawirikawiri, kaphindi kochepa, ndipo akayambanso amayambira pa chinthu chimene unachimva kale. Chakumapeto kuli chigawo chotchedwa After All, chofatsa, chimene chimakuuza kuti munthuyu Ellington sanamuiwale. Ngati chimbale chonse chakukulira, For Olim cha 1986 chili ndi tinyimbo tifupitifupi tingapo toti ukhoza kumvetsera kamodzi kokha n'kukabwereza mpaka utakaloweza.

Ukadutsa zonsezi ndiye ubwerere ku 1966, koma uyambe ndi Conquistador!, chimene anajambula mu Okutobala chaka chomwecho. Nyimbo ndi ziwiri zokha, mbali iliyonse imodzi, ndipo lipenga la Bill Dixon, lofatsa ndi lotakasuka, limatsegula mazenera m'nyumba imene ikanakhala yothina. Kuchoka apo Unit Structures sichidzakuopsanso. Udzamva kuti anthu asanu ndi awiri aja anayeserera kwambiri, kuti pali zigawo zokonzedwa, pali polowera aliyense, ndipo Andrew Cyrille pa ng'oma akumva chilichonse chimene chikuchitika.

Tsopano za zala zako, poti ndikudziwa kuti zayamba kale kuyabwa. Udzaona pa kanema mkuluyu akumenya piyano ndi zikhatho, ndi zibakera, ngakhale ndi chigongono, ndipo udzafuna kuyesa. Dziwa kuti munthuyu ankayeserera maola ambiri tsiku ndi tsiku mpaka ukalamba, ndipo chibakera chake chinkagwa pamene iye wafuna, ndi kulemera kumene iye wafuna. Dziwanso kuti ankakonda piyano ya Bösendorfer, ija yaikulu ya makiyi 97, yokhala ndi nsambo ndi thabwa zimene zimanjenjemera chipinda chonse. Kiyibodi yako ya pulasitiki ya makiyi 61 ukaimenya chomwecho ingolira ngati chitini, mwinanso kuthyoka, ndipo ndi ya mpingo. Funafuna piyano yeniyeni. Ku Evelyn Hone College amaphunzitsa nyimbo, ndipo matchalitchi ena akale ndi masukulu ali nazo zimene zimangokhala zovundikira. Pempha ola limodzi. Dinda notsi imodzi yakumunsi, uisiye ilire mpaka ithe yokha, umve mmene mawu ena akubadwira mkati mwake. Ukatero udzamvetsa chifukwa chake nyimbo izi zinabadwira pa chida chimenecho.

Ndipo Lamlungu uimbire anthu nyimbo zimene abwerera. Amayi a chigwirizano sanavale yunifomu yawo kuti adzamve iwe ukuyesa za Montreux pakati pa chopereka. Ndawaona anyamata amene atangolawa nyimbo zovuta amayamba kunyoza kalindula, kunyoza nyimbo za kwaya, kuyankhula ngati P.K. Chishala ndi Alick Nkhata anali ana a sukulu. Kumeneko n'kusamva. Dudu Pukwana ankatha kung'amba sakisofoni usiku wonse, koma kwela sanaisiye mpaka kufa. Taylor mwini anakhala pa piyano ziwiri ndi Mary Lou Williams, mayi wa m'badwo wa makolo ake pa jazi, ku Carnegie Hall mu 1977. Kunena zoona sanamvane kwenikweni usiku umenewo, chimbale chawo cha Embraced chikuchitira umboni, koma ulemu wopita kukakhala naye unalipo. Ngati nyimbo izi zikukuchepetsera zimene umakonda m'malo mokuwonjezera, ndiye kuti ukuzimvetsera ndi mtima wofuna kuoneka. Ndipo ngati utayesa moona mtima n'kupeza kuti Taylor si wako, palibe mlandu. Alipo oimba akuluakulu a jazi amene sanamukonde mpaka kumanda. Ukhoza kutsala ndi McGregor ndi Ibrahim, sunataye kanthu.

Njira ziwiri ndakuonetsazi zinadzakumana. Mu 1988 kampani ya ku Germany ya FMP inaitana Taylor ku Berlin kwa mwezi wathunthu, ndipo anaimba ndi oimba osiyanasiyana okhala ku Ulaya, zimene zinadzatuluka m'bokosi la ma CD 11. Mwa zina anaimba awiriawiri ndi a ng'oma asanu, aliyense usiku wake: Günter Sommer, Paul Lovens, Han Bennink, Tony Oxley, ndi Louis Moholo wa Blue Notes uja. Nthawi imeneyo Dyani anali atamwalira kale, mu 1986, mumzinda womwewo wa Berlin. McGregor ndi Pukwana anatsatira mu 1990, wina mu Meyi wina mu Juni, patangopita miyezi yochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Mwa amene anakhalira kunja, Moholo yekha ndiye anadzabwerera kukakhala kwawo ku Cape Town, mu 2005.

Chimbale cha Taylor ndi Moholo dzina lake ndi Remembrance. Moholo salimbana naye pa liwiro kapena pa phokoso. Amayala mawu opepuka osaduka pansi pa piyano, kenako n'kuponya kugunda kumodzi kolemera pamalo amene sumayembekezera, ndipo umamva Taylor akutembenuka kuti ayankhe. Chimenechi usamvetsere wekha. Itana mnzako uja amaimba ng'oma ku tchalitchi, mukhale pansi nonse awiri. Ulendo woyamba iwe utsate Moholo, iye atsate piyano. Mukamaliza muuzane zimene mwamva, ndiye musinthane.